Kachirombo kotchedwa "ntchentche ya ku Nairobi" si ntchentche, ndipo kwawo si ku Nairobi kokha

KWEKWE, Zimbabwe – Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa Novembala, magetsi a m'matauni a migodi m'chigawo cha Midlands amazingidwa ndi tizirombo touluka. Ana amathamangira ngumbi, zimene Ashona amazitcha ishwa, atanyamula mbale za madzi. Koma pakati pa ngumbizo pamatha kubweranso kachirombo kena kakang'ono, ka mawanga ofiira ndi akuda, kooneka ngati nyerere yaitali. Kachiromboka sikaluma ndipo kalibe mbola. Komabe munthu amene wakaphwanyira pakhosi kapena patsaya ali m'tulo, pakapita tsiku limodzi kapena awiri amaona khungu lake litatuluka matuza ngati wapsa ndi madzi owira.

Ku Kenya ndi ku Tanzania kachiromboka amakatcha Nairobi fly, kutanthauza ntchentche ya ku Nairobi, ndipo dzinali lafalikira m'nyuzipepala za maiko ambiri. Dzinali limasocheretsa pawiri. Choyamba, kachiromboka si ntchentche koma kachikumbu. Chachiwiri, sikachokera ku Nairobi, chifukwa abale ake amapezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica, kuphatikizapo m'madambo a ku Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique. Akatswiri a sayansi amakadziwa ndi dzina loti Paederus. Kudziwa mtundu wake, malo amene kamakonda ndi mmene kamavulazira munthu ndi chitetezo chachikulu kuposa mankhwala opopera.

Dzina ndi mfunda

Akatswiri amapatsa chamoyo chilichonse maina awiri a Chilatini. Loyamba lili ngati mfunda, monga Banda kapena Phiri, ndipo limasonyeza banja limene chamoyocho chimachokera. Lachiwiri ndi dzina la mtundu wake weniweni. Motero Paederus ndi dzina la banja, pamene Paederus sabaeus, Paederus eximius ndi Paederus fuscipes ndi mitundu itatu ya m'banjalo. Mabanja ambiri ofanana amaikidwanso pamodzi m'fuko limodzi lalikulu.

Fuko la Paederus ndi Staphylinidae, dzina limene linakhazikitsidwa ndi katswiri wa ku France, Pierre André Latreille, m'chaka cha 1802. Fukoli lili ndi mitundu yoposa 60,000 yodziwika, ndipo pa kuchuluka limapikisana ndi fuko la anankafumbwe. Poyerekeza, mitundu ya mbalame pa dziko lonse ilipo pafupifupi 11,000. Chizindikiro cha fuko lonseli ndi mapiko akunja aafupi kwambiri. Zikumbu zambiri zili ndi mapiko akunja olimba amene amaphimba msana wonse, koma a Staphylinidae amangophimba kachigawo kakang'ono, thupi lakumbuyo n'kukhala pamtunda. Mapiko enieni oulukira amapindidwa mwaluso pansi pa timapiko tolimbato. N'chifukwa chake anthu ambiri sakhulupirira kuti kachirombo kooneka ngati nyerere kangauluke kufika pa babu la magetsi.

Mtundu woyamba wa banjali unalembedwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1758, koma iye anauika m'banja lina lotchedwa Staphylinus. Wophunzira wake, Johan Christian Fabricius wa ku Denmark, ndiye anakhazikitsa banja la Paederus mu 1775. Mu 1840 katswiri wa ku Germany, Wilhelm Ferdinand Erichson, analemba za Paederus sabaeus, mtundu umene ndi wofala kwambiri mu Africa. Liwu loti sabaeus limaloza ku Saba, ufumu wakale wa kumwera kwa Arabia.

Malire a banjali akhala akusintha. Mu 1958 Gaston Fagel wa ku Belgium, pounika tizirombo timene tinatoledwa m'nkhalango yotetezedwa ya Upemba m'chigawo cha Katanga ku Congo, anagawa banjali n'kupanga mabanja ena atsopano. Akatswiri ena anatsata kugawaku, ena anapitiriza kuwerengera onse pamodzi. Pamene J. Howard Frank ndi K. Kanamitsu anasonkhanitsa zonse zodziwika za banjali mu 1987, anawerenga mitundu yoposa 600 pophatikiza magulu onsewa. Mwa mitundu imeneyi, yoposa 20 ndi imene yatsimikizika kuti imayambitsa matuza pa anthu.

Kusiyanitsa mtundu wina ndi unzake si ntchito ya maso okha. Mitundu yambiri imafanana maonekedwe: kutalika kwa mamilimita 7 mpaka 10, mutu wakuda, chifuwa chofiirira, timapiko tobiriwira kapena tabuluu tonyezimira, ndi thupi lakumbuyo lofiirira lokhala ndi nsonga yakuda. Kuti atsimikize mtundu, akatswiri amang'amba kachirombo kamphongo n'kuyang'ana ziwalo zake zoberekera pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono. Kuvuta kwa ntchitoyi kwachititsa kuti mtundu umodzi upatsidwe maina awiri. Mwachitsanzo, mabuku akale a zachipatala a kum'mawa kwa Africa amanena za Paederus crebrepunctatus, pomwe mtundu womwewo lero umatchedwa Paederus eximius.

Kumene banjali limapezeka

Mitundu yambiri ya Paederus imapezeka m'maiko otentha. Ina imakhala kadera kakang'ono kwambiri, makamaka ya m'mapiri, imene mapiko ake anafupika moti siuluka. Ina imauluka bwino ndipo yafalikira maiko ambiri. Imeneyi ndi imene imakumana ndi anthu. Paederus fuscipes imapezeka kuyambira ku Ulaya mpaka ku Japan ndi kumwera cha kum'mawa kwa Asia. Paederus eximius ndi Paederus sabaeus ndi imene imatchulidwa kawirikawiri mu Africa.

Mbiri ya matuza amenewa imasonyeza kufalikira kwa banjali. Lipoti loyamba la zachipatala linatuluka mu 1901 pa chilumba cha Java, kumene dokotala A. G. Vorderman anaona vutoli pa anthu ogwira ntchito pa nsanja ya nyali yolondolera zombo. Mu 1912 Pirajá da Silva analemba za vuto lomweli ku Brazil. Mu Africa, malipoti oyamba anachokera ku Léopoldville, kumene lero ndi Kinshasa, mu 1915, ndi ku Kenya mu 1916. Kumwera kwa Africa, J. B. Deneys ndi Fritz Zumpt analemba za matuzawa m'dziko limene lero ndi Namibia m'chaka cha 1963.

Kuyambira pamenepo miliri yakhala ikubuka m'madera osiyanasiyana. Pa chilumba cha Okinawa ku Japan anthu pafupifupi 2,000 anakhudzidwa mu 1966. Ku Australia, madokotala analemba mu 1996 za mudzi wina wa kumpoto umene anthu ake anasamutsidwa kwa kanthawi kamba ka kuchuluka kwa tiziromboti. Ku Kenya tinachuluka kwambiri mu 1998 itatha mvula yamphamvu ya El Niño. Ku Indonesia, kumene amatitcha tomcat, tinasowetsa mtendere anthu a mumzinda wa Surabaya mu 2012, ndipo mu 2022 ophunzira ambiri a pa koleji ina m'chigawo cha Sikkim ku India anatuluka matuza. Pa miliri yonseyi pamaoneka zinthu ziwiri: chinyezi chambiri, ndi magetsi owala usiku pafupi ndi pogona anthu.

Fuko la tiziromboti si lachilendo kuno kumwera kwa Africa, ndipo umboni wake unachokera mumgodi. Pa mgodi wa dayamondi wa Orapa ku Botswana panapezeka miyala ya matope a nyanja yakale, ya zaka pafupifupi 90 miliyoni, imene inadindika zithunzi za tizirombo. Katswiri Sandiso Mnguni ndi anzake a pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anapezamo mitundu ya fuko la Staphylinidae, ndipo umodzi anaupatsa dzina loti Afristenus orapensis mu 2022.

Ululu uli m'magazi

Chimene chimawotcha khungu ndi poizoni wotchedwa pederin, amene ali m'madzi a m'thupi mwa kachiromboka, amene amagwira ntchito ngati magazi ake. Poizoniyu anapatulidwa ndi kupatsidwa dzina ndi Mario Pavan wa pa yunivesite ya Pavia ku Italy pamodzi ndi mnzake G. Bo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Kachiromboka sikalavula poizoniyu ndipo sikabaya. Amatuluka kakaphwanyidwa kapena kukhuzidwa mwamphamvu pakhungu.

Pederin amaletsa maselo a khungu kupanga mapuloteni ndi kugawikana. Ntchito imeneyi imatenga nthawi, choncho munthu samva kalikonse pa nthawi imene waphwanya kachiromboka. Pakapita maola 12 mpaka 36 khungu limafiira ndi kuyamba kutentha, kenaka pamatuluka matuza. Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumasokoneza anthu, chifukwa pofika nthawiyo palibe amene amakumbukira kuti anadzimenya pakhosi usiku wa dzana.

Kafukufuku wa Rupert Kellner ndi Konrad Dettner a pa yunivesite ya Bayreuth ku Germany, m'zaka za m'ma 1990, anasonyeza kuti poizoniyu amachuluka mwa tizirombo tatikazi, ndipo timamuika m'mazira. Tatimuna ndi mphutsi timangosunga amene tinalandira kuchokera m'dzira. Phindu lake kwa kachiromboka ndi loti akangaude ena, amene akanadya mphutsi zake, amazikana. Pambuyo pake zinadziwika kuti wopanga poizoniyu si kachirombo keniko koma mabakiteriya a gulu la Pseudomonas amene amakhala m'thupi mwake. Mu 2002 Jörn Piel anapeza chigawo cha DNA ya mabakiteriyawa chimene chimayendetsa kapangidwe ka pederin. Popeza pederin amaletsa maselo kugawikana, akatswiri akhala akumuunika pamodzi ndi mankhwala ena ofanana naye pa kafukufuku wa matenda a khansa.

Alimi asasokoneze Paederus ndi zikumbu zikuluzikulu za mawanga akuda ndi achikasu zimene zimadya maluwa a nyemba ndi khobwe. Nazonso zimatulutsa matuza, koma ndi za fuko lina lotchedwa Meloidae, ndipo poizoni wake ndi wina, wotchedwa cantharidin.

Chifukwa chake matauni a migodi ayenera kusamala

Paederus imaikira mazira limodzilimodzi m'dothi lachinyezi, m'mbali mwa mitsinje, m'madambo ndi m'minda yothirira. Mphutsi zake zimakulira pomwepo, ndipo zikauma zimafa msanga. Chaka cha mvula yambiri mphutsi zochuluka zimapulumuka, ndipo madzi akasefukira kapena mbewu zikakololedwa, tizirombo tatikulu timauluka usiku kulondola kuwala.

Matauni a Midlands ali ndi zonse ziwiri, chinyezi ndi kuwala. Kwekwe inakula chifukwa cha migodi ya golide monga Globe and Phoenix, ndipo ili pafupi ndi mitsinje ya Kwekwe, Sebakwe ndi Munyati kumene kuli minda yothirira. Redcliff inamangidwa chifukwa cha fakitale ya zitsulo ya Zisco, imene inasiya kupanga zitsulo mu 2008. Shurugwi imadziwika ndi miyala ya chrome ndi mgodi wa platinamu wa Unki, pomwe Zvishavane inakula ndi mgodi wa asibesitosi wa Shabanie ndipo ili pafupi ndi mgodi wa platinamu wa Mimosa. Ntchito ya mumgodi siima usiku, kotero magetsi amphamvu amayaka mpaka m'mawa. M'malokeshoni monga Mbizo ndi Amaveni ku Kwekwe, Torwood ku Redcliff ndi Mandava ku Zvishavane, mabanja ambiri ali ndi timadimba ta ndiwo zamasamba pafupi ndi nyumba. Kunja kwa matauniwa, okumba golide paokha, amene kuno amatchedwa makorokoza, amasiya maenje odzaza madzi m'mbali mwa mitsinje ndipo ambiri amagona m'misasa yopanda zitseko, nyali ili pambali.

M'makomboni a migodi imeneyi ndi mmene munakhazikika anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique m'nthawi ya atsamunda. Zidzukulu zawo zikadalipo, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013. Kwawo kwa makolo awo nakonso kuli malo amene tiziromboti timakonda: minda ya mpunga ya ku Karonga, Limphasa ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi Dwangwa, chigwa cha Luangwa ku Zambia, ndiponso madera a m'mbali mwa Zambezi ku Tete, kumene migodi ya malasha ya Moatize imawala usiku wonse.

Pali mfundo ina yofunika kwa owerenga a m'maiko osiyanasiyana. El Niño amabweretsa mvula yambiri kum'mawa kwa Africa, ndipo n'chifukwa chake nkhani za ku Kenya zimagwirizanitsa kachiromboka ndi El Niño. Kumwera kwa Africa zinthu zimayenda mosiyana. El Niño kawirikawiri amabweretsa chilala, monga cha 2023/24 chimene chinachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi mu 2024. Kuno zaka zoyenera kukhala tcheru ndi za La Niña, pamene mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, monga zinachitikira mu 2016/17 ndi 2020/21.

Si mashingozi, ndipo sapatsirana

Madokotala amene alemba za vutoli m'maiko ambiri amanena kuti matuza a Paederus amasokonezedwa kawirikawiri ndi mashingozi. M'chigawo chino, kumene anthu ambiri akaona mashingozi amaganizira za kachirombo ka HIV, kusokoneza kumeneku kungabweretse mantha, miseche ndi kukayikirana m'banja. Ena akaona mzere wa chilonda chimene chatuluka usiku popanda chifukwa chodziwika amathamangira kuganiza za ufiti.

Kusiyana kulipo. Mashingozi amatsata mtsempha, amatuluka mbali imodzi ya thupi ngati lamba, ndipo nthawi zambiri ululu umayamba matuza asanaoneke. Matuza a Paederus amatuluka pamalo osavala monga nkhope, khosi, mikono ndi miyendo, ndipo amakhala ngati mzere wosonyeza kumene dzanja linakhuzira kachiromboka. Akakhala mkati mwa chigongono kapena kuseri kwa bondo, amatuluka mbali zonse ziwiri zimene zinakhudzana. Kawirikawiri anthu angapo a m'nyumba imodzi kapena chipinda chimodzi amatuluka matuza sabata imodzi, osati chifukwa choti apatsirana, koma chifukwa choti amagona pansi pa babu limodzi. Woyenera kugamula ndi wachipatala, ndipo kumuuza kuti m'nyumba mwaoneka tizirombo totere kumamuthandiza kupeza vuto msanga.

Chilonda chimapola chokha pakatha sabata imodzi mpaka atatu, ngakhale kuti chipsera chakuda chimatha kukhala miyezi ingapo. Ngozi yaikulu ili pawiri. Matuza akaphulitsidwa kapena kukandidwa amalowa tizirombo tina toyambitsa mafinya. Ndipo munthu akatikita m'maso ndi chala chimene chili ndi poizoniyu, zikope zimatupa, diso limafiira ndi kupweteka kwambiri moti amalephera kugwira ntchito kwa masiku angapo. Kwa munthu wolipidwa pa tsiku kapena wokumba golide payekha, masiku amenewa ndi chakudya cha ana.

Zoyenera kuchita

Malangizo a akatswiri a zaumoyo ndi osavuta. Kachiromboka kakatera pathupi, kasamenyedwe. Kauziridwe ndi mpweya kapena kachotsedwe ndi pepala. Ngati kaphwanyika kale, malowo asambitsidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri, pamodzi ndi manja, munthu asanakhudze m'maso. Zovala ndi zofunda zimene zakhudzidwa zichapidwe. Ngati poizoni walowa m'diso, litsukidwe ndi madzi oyera ndipo munthuyo apite kuchipatala. Matuza asaphulitsidwe. Nsalu yoviikidwa m'madzi ozizira imachepetsa kutentha, pomwe mankhwala opaka kapena akumwa ayenera kuperekedwa ndi wachipatala. Kupaka dothi, phulusa kapena mankhwala otsukira mano kumangowonjezera vuto.

Kupewa kumayambira pa magetsi. Kuwala koyera, makamaka kwa machubu aatali, kumakopa tizirombo kwambiri kuposa kuwala kwachikasu. Kutseka mawindo dzuwa likamalowa, kuika sefa m'mawindo, kuzimitsa magetsi a kuchipinda ndi kusuntha bedi kuchoka pansi pa babu zimachepetsa ngozi. Neti yotetezera udzudzu imathandizanso, ndipo ndi bwino kukutumula zofunda musanagone. Eni migodi, masukulu ogonera pompo ndi zipatala angathandize poika magetsi akunja patali ndi mawindo a zipinda zogona.

Kupopera mankhwala m'madimba ndi m'madambo pofuna kuthetseratu tiziromboti si nzeru. Paederus ndi mlenje. Tatikulu ndi mphutsi zomwe timadya nsabwe za m'masamba, mazira ndi mphutsi za tizirombo tina towononga mbewu. M'minda ya mpunga ya ku Asia, Paederus fuscipes imawerengedwa m'gulu la abwenzi a mlimi. Kumunda kachiromboka kamagwira ntchito yaulere, ndipo kamasanduka vuto pokhapokha kuwala kukakakokera m'nyumba.

Ntchito yolemba mitundu ya banjali ndi kumene imapezeka ikupitirira. Tizirombo tambiri timene maina a mitundu ya mu Africa anachokerapo timasungidwa kunja, m'nyumba zosungiramo zachilengedwe za ku Berlin, London, Brussels ndi Tervuren. M'chigawo chino, nyumba ya Natural History Museum of Zimbabwe ku Bulawayo ili ndi nkhokwe ya tizirombo imene ndi imodzi mwa zikuluzikulu mu Africa. Mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi amene waona tiziromboti titachuluka angathandize potiika, osatikhudza ndi manja, m'kabotolo ka spiriti, n'kulembapo malo ndi tsiku. Mapu osonyeza kumene mtundu uliwonse umapezeka amapangidwa kuchokera ku timabotolo totere, ndipo ndi mapu amenewa amene angathandize zipatala kudziwa miyezi ndi madera oyenera kuchenjeza anthu mvula isanayambe.